Phunziro la ulendo uno: liwu la Chingerezi lakuti "own"



M'kalata ya ulendo uno tikambirana liwu limodzi lokha la Chingerezi, la zilembo zitatu, lakuti "own". Wina angadabwe kuti masamba onsewa athere pa kaliwu kamodzi. Chifukwa chake n'chakuti kaliwuka timakumana nako pamalo amene kulakwitsa kumapweteka. Kali pa pepala la mayeso a MANEB, pamene funso likuti "in your own words". Kali pa zikwangwani za pamalo oimika galimoto. Kali m'makalata oitanira mwana kusukulu kapena ku intaviyu. Kalinso pa mapepala a malo, a galimoto ndi a njinga yamoto. Ndipo tonse tikudziwa kuti wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse.

Liwuli limagwira ntchito zitatu. Limasonyeza kuti chinthu ndi cha munthu. Limasonyeza kuti munthu wachita chinthu yekha. Limasonyezanso kuti munthu wavomera zimene wachita. Poyamba ntchito zitatuzi zimaoneka ngati zosagwirizana, koma pofika kumapeto a phunziroli tiona kuti zonse zinamera pa tsinde limodzi.

Tiyambe ndi katchulidwe

Liwu limene sulitchula bwino umalilembanso molakwika. "Own" amamveka mofanana ndi kumapeto kwa mawu akuti "phone", "stone" ndi "loan". Mawu akuti "known", "grown" ndi "shown" nawonso amatha ndi kamvekedwe komweko. Msampha uli pa mawu monga "town", "down" ndi "brown". Kalembedwe kake n'kofanana ndi ka "own", koma pakamwa amatuluka ngati muli "au" pakati. Chichewa timachiwerenga monga momwe chalembedwera, pomwe m'Chingerezi zilembo zomwezomwezo zimatha kumveka pawiri.

Msampha wachiwiri ndi liwu lakuti "on". Ili n'lalifupi, pomwe "own" amakokedwa pang'ono. M'mawu akuti "on my own" muli onse awiri, loyamba lalifupi, lomaliza lokokedwa. M'makope a ana athu timapezamo "on my on" kapenanso "own my own". Wolemba chotere amakhala akudziwa zimene akufuna kunena, koma wochonga mayeso amangoona zimene zili papepala. Makolo mungathe kuthandiza pa ichi ngakhale simunapite patali ndi sukulu. Muuzeni mwana atchule mawu atatuwa mokweza kasanu, kenako awalembe buku litatsekedwa.

Ntchito yoyamba: kutsindika kuti chinthu ndi chako

M'Chichewa tikafuna kutsindika kuti chinthu ndi cha munthu, sichobwereka ndipo sagawana ndi wina, timabwereza liwu laumwini. Timati buku langalanga, nyumba yawoyawo, munda wakewake. Chingerezi sichibwereza. Chimaika "own" pakati pa liwu laumwini ndi dzina la chinthucho. Motero "my book" ndi buku langa, pomwe "my own book" ndi buku langalanga.

Pamenepa pali lamulo limene silisintha. "Own" wa mtundu uwu sayenda yekha. Nthawi zonse amatsatira limodzi mwa mawu awa: "my", "your", "his", "her", "its", "our", "their", kapena dzina la munthu losonyeza umwini, monga "Amina's own pen". Sangatsatire "an" kapena "the". Wophunzira akalemba kuti "I want an own room" walakwitsa. Njira zolondola zilipo ziwiri: "I want my own room" kapena "I want a room of my own". Zonse ziwiri zikutanthauza kuti ndikufuna chipinda changachanga.

Tisamalenso ndi "his" ndi "her". M'Chichewa timati cholembera chake, kaya mwini wake ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Chingerezi chimasiyanitsa. Timati "Each girl brought her own plate" ndipo timati "Yusuf washed his own clothes". Mukalemba kuti "She used his own pen", wowerenga amasokonezeka, sadziwa ngati cholemberacho chinali cha mtsikanayo kapena cha mnyamata wina. Pa zinthu zopanda moyo timalemba "its own", popanda kachizindikiro ka mmwamba: "The school has its own borehole", sukulu ili ndi mjigo wakewake. Chokhala ndi kachizindikiro, "it's", ndi chidule cha "it is" kapena "it has", ndipo sichiyenda ndi "own".

Dzina la chinthu likakhala lodziwika kale, limatha kusiyidwa. Mnzako akafunsa kuti "Do you need a ruler?" ukhoza kuyankha kuti "No, I have my own", monga momwe timanenera kuti ayi, yanga ndili nayo.

Kagwiritsidwe komweka kamasonyezanso kuti munthu amadzichitira chinthu. "She cooks her own food" ndiko kuti amadziphikira. "He makes his own bricks" ndiko kuti njerwa zake amaumba yekha. "I saw it with my own eyes" ndi zija timati ndinaona ndi maso angawa, sindinachite kumva.

Mukafuna mawu otere mu dikishonale, nthawi zambiri muwapeza atalembedwa ndi "one's own" kapena "your own". "One's" akungoimira munthu aliyense, ndipo polemba chiganizo chanu mumaikapo "my", "her" kapena "their" malinga ndi amene mukunena. Chitsanzo chodziwika cha kalembedwe kameneka ndi mutu wa buku la mlembi wa ku England, Virginia Woolf, lotchedwa A Room of One's Own, limene linatuluka mu 1929. Linachokera pa zimene mayiyu anakamba kwa ophunzira aakazi a ku Cambridge mu 1928. Nkhani yake yaikulu inali yakuti akazi ambiri aluso analephera kulemba mabuku chifukwa analibe chuma m'manja mwawo ndiponso analibe malo a phee ogwirirapo ntchito. Ambiri a ife sitingathe kupatsa mwana aliyense chipinda chakechake. Koma ngodya ya nyumba, nyali ndi ola limodzi madzulo limene mtsikana satumidwa kumjigo kapena kukhitchini, zimenezo n'zotheka m'makomo ambiri.

Mneni wakuti "to own"

Liwu lomweli limakhalanso mneni, ndipo limatanthauza kukhala mwini wa chinthu. Timati "I own", "she owns", ndipo pa nthawi yakale "they owned". Kusiyana kwake ndi "have" n'kofunika kwambiri. "We have a house in Mangochi" anganene ngakhale munthu wokhala pa lendi. "We own a house in Mangochi" anganene mwini nyumba yekha. Mnyamata wa kabaza amene amayendetsa njinga ya bwana wake n'kumapereka ndalama madzulo alionse ali nayo njingayo tsiku lonse, koma sanganene kuti "I own a motorbike". Mwini wake ndi amene angathe kuigulitsa.

Mneni ameneyu ali m'gulu limodzi ndi "know" ndi "like", amene amanena za mmene zinthu zilili. Aneni otere kawirikawiri satenga "-ing" akamanena za nthawi ino. N'kulakwitsa kulemba kuti "My uncle is owning a shop". Cholondola ndi "My uncle owns a shop". Mukafuna kuyamba ndi chinthucho, muli ndi njira ziwiri: "The shop is owned by my uncle" kapena "The shop belongs to my uncle". Ophunzira ena amasakaniza ziwirizi n'kulemba "is owned to" kapena "is belonging to". Kumbukirani kuti "owned" amayenda ndi "by", pomwe "belongs" amayenda ndi "to".

Cholakwa chachikulu koposa ndicho kusokoneza "own" ndi "owe". "Owe" ndiko kukhala ndi ngongole. "I owe him K5,000" ndiko kuti ndili naye ngongole ya K5,000. Ukangoika chilembo cha n m'malo mwa e n'kulemba kuti "I own him", wanena kuti munthuyo ndi katundu wako. Mawu amenewa n'ngolemera chifukwa kale ankagwiritsidwadi ntchito pa anthu. Nyumba ya malamulo ya ku Britain itakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'madera ambiri a ufumu wake mu 1833, boma linapatula mapaundi 20 miliyoni kuti lilipire anthu amene ankatchedwa "owners". Akapolo eni akewo sanalandire kanthu.

Nawonso mawu akuti "her own" ali ndi mbiri. Ku England, asanabwere malamulo a 1870 ndi 1882 okhudza katundu wa akazi okwatiwa, zambiri zimene mkazi anali nazo zinkalowa m'manja mwa mwamuna wake akangokwatiwa. Zinatengera nyumba ya malamulo kuti mkazi wapabanja athe kunena kuti ndalama zimene wagwirira ntchito ndi zakezake. Ana athu amene amaphunzira za nikaah akudziwa kale kuti mahari ndi a mkwatibwi mwini. Mukafunsidwa kufotokoza zimenezi m'Chingerezi, "her own property" ndiwo mawu ake.

Mawu a pa zikwangwani ndi pa mapepala

Gawo ili tikulankhula makamaka ndi makolo ndi a komiti. Kuchokera pa mneni uja timapeza "owner", mwini chinthu, ndi "ownership", umwini.

Chikwangwani chakuti "at owner's risk" chimapezeka pamalo oimika galimoto ndi njinga, ndipo mawu omwewa amalembedwa pa matikiti ena a basi ponena za katundu. Eni malowo kapena eni basi akukuuziranitu kuti chinthu chanu chikasowa kapena kuwonongeka, iwo sakufuna kuti muwafunse. "At your own risk" ndi mbale wake: mukalowa kapena kudutsa pamenepo, chokuonekerani ndi chanu. Mukaona mawu amenewa, foni, ndalama ndi satifiketi zikhale pathupi panu.

M'kalata yoitana munthu ku intaviyu kapena ku maphunziro mukapezeka mawu akuti "at your own expense", dziwani kuti ndalama zoyendera, zogona ndi zodyera mulipira nokha ndipo sadzakubwezerani. "Bring your own bedding" ndiko kuti zofunda mubweretse zanu. Ndi bwino kuwerenga mzere umenewu musanakwere basi.

Mukagula galimoto kapena njinga yamoto kwa munthu, pamafunika chimene amachitcha "change of ownership" ku ofesi ya Road Traffic. Kupereka ndalama ndi kulandira makiyi pakokha sikusintha dzina limene lili m'kaundula wa boma. Mpaka dzinalo litasinthidwa, pa mapepala mwini wake akadali uja anakugulitsani, ndipo pakabuka mkangano kapena mukafuna kugulitsanso, mpamene vuto limaonekera.

Kwa a komiti ya mzikiti, mawu awiri oyenera kuwasiyanitsa bwino ndi "owner" ndi "trustee". "Trustee" ndi munthu amene wapatsidwa chinthu kuti achisunge ndi kuchiyendetsa m'malo mwa ena. N'chifukwa chake mabungwe ambiri a zipembedzo m'dziko muno amalembetsedwa ndi dzina loyamba ndi mawu akuti "The Registered Trustees of". Malo a waqf, malo a madrasa ndi akaunti ya mzikiti si za tcheyamani kapena msungichuma. Fomu ikafunsa dzina la "owner" ndipo wina n'kulembapo dzina lakelake chifukwa chofuna kuti zinthu zifulumire, iyeyo angakhale munthu wokhulupirika ndithu, koma tsiku limene adzamwalire ana ake adzapeza pepala lonena kuti malowo anali a bambo awo. Wosainira gulu amalemba kuti "on behalf of", ndiko kuti m'malo mwa, kenako dzina la gululo. Pepala lililonse lokhala ndi mawu amenewa liwerengedwe mokweza pamaso pa komiti yonse, ndipo ngati n'la malo, lionedwenso ndi wodziwa malamulo lisanasainidwe.

Ntchito yachiwiri: kuchita chinthu wekha

"On my own" ali ndi matanthauzo awiri oyandikana. Loyamba ndi kukhala popanda mnzako: "My grandmother lives on her own", agogo amakhala okha. Lachiwiri ndi kuchita chinthu popanda wokuthandiza: "He solved the problem on his own", samuyo anaipeza yekha. Pa matanthauzo onse awiri mukhoza kunenanso kuti "by myself", "by herself", "by himself". Chimene sichiloledwa ndi kutenga mutu wa uyu n'kulumikiza ndi mchira wa uyo. "By my own" ndi "on myself" kulibe m'Chingerezi cholondola.

Siyanitsaninso "on" ndi "of". "She has a business of her own" ndiko kuti bizinesiyo ndi yakeyake. "She runs the business on her own" ndiko kuti amaiyendetsa yekha, ngakhale itakhala ya munthu wina. Chilembo chimodzi chimasintha nkhani yonse.

Palinso zining'a zingapo zimene mudzakumana nazo powerenga. "Of your own accord" ndiko kuchita chinthu mwa kufuna kwako, popanda wokukakamiza. "To stand on your own two feet" ndiko kuima pawekha, kusiya kudalira makolo pa chilichonse. "To hold your own" ndiko kusagonja pakati pa anthu amphamvu kapena anzeru, monga mtsikana wa Fomu 2 amene walimbana bwino ndi a Fomu 4 pa mtsutso. "To come into your own" ndiko kufika pamene luso lako layamba kuonekera. "For your own good" ndi zija makolo amati tikuchitira iwe wemwe. "To get your own back" ndiko kubwezera choipa. "You are on your own" nthawi zambiri ndi chenjezo lakuti kuyambira pano zako uzionera wekha. Ndipo "mind your own business" ndiko kuti usalowerere za eni. Amenewa ndi mawu aukali. Muwadziwe kuti muwamve akalembedwa m'nkhani, koma asatuluke pakamwa panu polankhula ndi mphunzitsi, kholo kapena wamkulu aliyense.

Okonda mpira amadziwa "own goal", chigoli chodzimwetsa wekha. Chodziwika kwambiri m'mbiri ya mpira ndi cha Andrés Escobar wa timu ya Colombia pa mpikisano wa World Cup wa 1994, pamene ankasewera ndi United States ndipo anagonja 2–1. Patangopita masiku ochepa atabwerera kwawo, anaomberedwa n'kuphedwa mumzinda wa Medellín. Lero mawuwa amagwiritsidwanso ntchito kunja kwa bwalo, ponena za munthu amene wadzipweteka ndi zochita zake zomwe. Wophunzira amene walowa ndi kapepala m'chipinda cha mayeso n'kulandidwa zotsatira zonse wachita "own goal".

Tsopano tifike pa lamulo limene limadya malikisi a ana ambiri: "in your own words". Funso likatero, wolemba mayeso akufuna kuona ngati mwamvetsa ndimeyo. Kukopera chiganizo monga momwe chilili kumangosonyeza kuti mwapeza pamene yankho lili. Tiyerekeze kuti ndime ikuti "The farmers abandoned the scheme because the cost of fertiliser had doubled." Kuyankha m'mawu anuanu kungakhale kwakuti "They stopped taking part since fertiliser was now twice as expensive." Taonani kuti tanthauzo silinasinthe. Liwu lakuti "fertiliser" latsala chifukwa ndi dzina la chinthu ndipo silifunika kusinthidwa, koma "abandoned", "because" ndi "doubled" alowedwa m'malo. Njira yake ndi iyi: werengani chiganizocho kawiri, chiphimbeni ndi dzanja, dziuzeni m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene chikunena, kenako lembani ganizolo m'Chingerezi chimene muli nacho. Chingerezi chosavuta koma chanu chimapeza malikisi kuposa chapamwamba chokopera.

Chimodzimodzinso ndi "your own work". Chimangirizo chokopera kwa mnzako kapena pa intaneti chingathe kukudutsitsa lero, koma akuluakulu anati nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Izi sizikutanthauza kuti mwana azikana thandizo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo timalimbikitsa magulu owerengera limodzi. Funsani, kambiranani, tsutsanani. Koma mukamaliza, aliyense akhale pansi alembe yekha, chifukwa m'chipinda cha mayeso gulu sililowa.

Ntchito yachitatu: kuvomera

"To own up" ndiko kuvomera kuti ndiwe unachita cholakwa. "Someone broke the window, but nobody owned up" ndiko kuti wina anaswa zenera koma palibe anavomera. Mukafuna kutchula cholakwacho mumawonjezera "to", ndipo mneni wotsatira amatenga "-ing": "He owned up to taking the money." Kulemba kuti "owned up to take" n'kulakwitsa. Masiku ano mumvanso anthu akunena kuti "own your mistake", kutanthauza kuti cholakwa chako uchitenge kukhala chako, usachikankhire kwa mnzako, kwa mvula kapena kwa aphunzitsi.

Chotsutsana nacho ndi "disown", kukana chimene chili chako. Kholo limene lanena kuti uyu salinso mwana wanga lachita "disown". Munthu amathanso kuchita "disown" mawu amene analankhula, akaona kuti amubweretsera mavuto.

Apa tikuona kuti tanthauzo lachitatuli silinapite kutali ndi loyamba lija. Kuvomera ndiko kunena kuti ichi ndi changa, pa chinthu chimene palibe akuchifuna. Mbuzi ikasochera eni ake amapezeka msanga, koma ikadya chimanga cha mwini, aliyense amati sindikuidziwa.

Tsinde la matanthauzo onsewa

M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England zaka zoposa 900 zapitazo, munali mneni wakuti "agan", wotanthauza kukhala ndi chinthu. Kuchokera pa mneni ameneyu panabadwa "agen", amene ndiye anasanduka "own" wa lero. M'Chijeremani muli m'bale wake, "eigen", wa tanthauzo lomweli. Chodabwitsa n'chakuti "owe", liwu la ngongole lija, linachokeranso pa "agan" yemweyo. Poyamba "owe" ankatanthauza kukhala mwini, ndipo m'masewero a William Shakespeare, amene anamwalira mu 1616, liwuli limapezekabe ndi tanthauzo limenelo. Anthu ankanena kuti munthu ali ndi chinthu choti alipire, ndipo m'kupita kwa nthawi ganizo la kulipiralo ndi limene linakakamira pa liwulo. Palinso mwana wachitatu. "Ought", liwu limene timagwiritsa ntchito ponena zoyenera kuchita, monga "you ought to pray on time", poyamba linali nthawi yakale ya "owe". Choncho umwini, ngongole ndi udindo m'Chingerezi ndi ana a mimba imodzi.

Kwa ife izi si zachilendo. M'Chichewa timati ndili ndi mbuzi, ndili ndi ngongole, ndili ndi udindo, ndipo "ndili ndi" ndi yemweyo ponseponse. Taganiziraninso liwu lathu lakuti mwini. Mwini mbumba, amene Ayao amati asyene mbumba, sangagulitse alongo ake kapena ana awo. Amatchedwa mwini chifukwa mlandu ukagwa, matenda akabwera kapena maliro akachitika, ndiye amene amafunsidwa. Mwini mudzi nayenso ndi amene amayankha za mudzi. M'maphunziro a chipembedzo timati amaanah: chimene chili m'manja mwathu tinachita kusungitsidwa ndi Mwini zonse, ndipo tidzafunsidwa za icho.

N'chifukwa chake mwana akati "my own phone" kapena "my own life", wanena Chingerezi cholondola, koma wanenanso zoposa zimene akuganiza. Foni ikakhala yakoyako, mauthenga otuluka m'menemo ndi akonso. Ukafuna kuchita zinthu "on your own", zotsatira zake sizipita kwa amalume. Makolo, mwana akayamba kupempha ufulu wotere musafulumire kumuona ngati wamwano, chifukwa kukula kumayamba choncho. Mupatseni chinthu chimodzi chikhale chakechake, kaya ndi nkhuku ziwiri, kaya ndi bedi la ndiwo zamasamba kudimba, kaya ndi ndalama ya sopo ya mwezi wonse, ndipo mumusiye ayankhe yekha za mmene chayendera.

Ntchito yochita kunyumba

Chiganizo chilichonse m'munsimu chili ndi cholakwa chimodzi. Chipezeni, lembani chiganizocho molondola, kenako chimasulireni m'Chichewa.

1. Every pupil must bring an own plate.
2. My aunt is owning two sewing machines.
3. Fatima finished the exercise by her own.
4. I own the shopkeeper K2,000 for sugar.
5. The village has it's own maize mill.
6. This bicycle is owned to my brother.
7. Hassan owned up to break the chair.
8. Mariam wants to start a business on her own, with her name on the door and on the licence.

A Fomu 3 ndi Fomu 4 awonjezere ichi: lembani ndime imodzi ya mizere isanu ndi itatu yofotokoza kusiyana kwa "owner" ndi "trustee", m'mawu anuanu, ndipo mukaiwerengere kholo kapena mmodzi wa akuluakulu a komiti. Funso la nambala 8 likufuna kuganiza mofatsa, chifukwa chiganizocho chikumveka bwino koma liwu limodzi silikugwirizana ndi zimene Mariam akufuna.

Makope afike kwa aphunzitsi a kalasi lanu lisanafike Lachisanu la sabata yamawa. Mayankho tidzawaika m'kalata yotsatira, Insha Allah.